Jenereta ikamazima yokha kapena mageji akamaonetsa zachilendo: poyambira kufufuza

Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januware 2022, dziko lino linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo majenereta amene ankangokhala kuseri kwa mashopu, malo ogona alendo, zigayo ndi zipatala zazing'ono anayamba kulira tsiku ndi tsiku. Kapichira anakonzedwa, koma kuthimathima kwa magetsi sikunathe, ndipo madandaulo amene amafika kwa amakaniko akadali omwewo: yakana kulira, yalira kenako yazima, ikulira koma magetsi kulibe, mababu akuphethira.

Ambiri mwa mavutowa amaonekera pa bolodi la jenereta yomweyo, kungoti eni ake saliwerenga. Ena akaona nyali yofiira amangodina RESET n'kuyatsanso, mpaka injini itafa. Funso loyamba nthawi zonse ndi ili: kodi vuto lili mu injini, kapena geji ndi imene ikunama? Musanadziwe yankho, khulupirirani geji.

Manambala oyenera kuwadziwa

Jenereta yabwinobwino ya kuno kwathu, ikatentha ndipo ikunyamula katundu, imaonetsa motere:

- V: mavolti 230 pa feze imodzi (feze ndi waya umodzi wa moto), kapena 400 pakati pa mafeze awiri ngati ndi ya mafeze atatu.
- Hz: 50. Geji imeneyi kwenikweni ikukuuzani liwiro la injini. Majenereta akuluakulu a dizilo amazungulira ka 1,500 pa mphindi kuti apereke 50, ang'onoang'ono a petulo ka 3,000.
- Mphamvu ya oyilo: pa injini zambiri za dizilo imakhala pakati pa mabaa 3 ndi 5. Imakwera injini ikakhala yozizira, n'kutsikako pang'ono ikatentha.
- Kutentha kwa madzi: madigiri 80 mpaka 95.
- Batire: mavolti pafupifupi 12.6 injini ili chete, 13.8 mpaka 14.4 ikulira. Pa makina a mavolti 24, wirikizani kawiri.
- A: iyi imasintha malinga ndi zimene mwalumikiza. Jenereta ya 5 kVA ya feze imodzi malire ake ndi maampu pafupifupi 21. Ya 30 kVA ya mafeze atatu ndi 43 pa feze iliyonse.

Buku la jenereta yanu likanena zosiyana ndi izi, tsatani bukulo. Ndipo tsiku limene makina akuyenda bwino, jambulani bolodi pa foni. Chithunzi chimenecho chidzakuthandizani kuposa nambala iliyonse yolembedwa pano.

Mukadina START palibe chikuchitika

1. Batani lofiira lozimitsira mwadzidzidzi ndi lodinidwa. Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo limachititsa manyazi kuitanira makaniko. Batanili likadinidwa limakhala momwemo mpaka mutalipotoza kapena kulikoka kuti lituluke. Majenereta okhala m'bokosi amakhala nalo lina kunja, pamene mlonda kapena mwana akhoza kuligunda. Mukalimasula, dinani STOP kapena RESET kuti alamu ichoke.
2. Alamu yakale sinachotsedwe. Makompyuta a pa bolodi, kaya ndi a Deep Sea, ComAp kapena SmartGen, salola injini kulira ngati chimene chinaizimitsa sichinavomerezedwe. Werengani zimene zalembedwa pa sikirini musanazifufute.
3. Batire lafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri. Yang'anani mavolti pa nthawi imene sitata ikuyesa kuzungulira, osati injini ili chete. Akamagwa kutsika pa 10, kapena sikirini ikamathima n'kuyakanso, batire latha mphamvu. Ngati mukungomva "tha, tha" koma injini osatembenuka, tsukani mitu ya batire ndi kumanga zolimba musanagule latsopano.
4. Fyuzi ya bolodi yapsa. Sikirini imakhala yakuda ngakhale batire lili bwino. Ikani ya kukula komweko. Ikapsanso, pali waya amene akukhudza chitsulo, ndipo kumanga kawaya m'malo mwa fyuzi ndi kuitana moto.
5. Kiyi kapena sitata yawonongeka. Izi zimachitika, koma muziganizire pomaliza.

Injini ikutembenuka koma siikugwira

Makompyuta ambiri amayesa katatu kenako amalemba FAIL TO START. Musapitirize kudina, mungopsereza sitata ndi kumaliza batire.

Yambani ndi mafuta, ndipo musadalire geji ya mafuta yokha. Kachoyandama ka mu thanki kamakakamira, geji n'kumaonetsa theka pamene thanki ili gwa. Tsegulani muone, kapena pisani kamtengo koyera. Ngati dizilo anatheratu injini ikulira, mpweya walowa m'mapaipi ndipo kuthira mafuta kokha sikukwanira: masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, popani ndi kapampu ka pamanja mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, n'kumanganso.

Kenako mvetserani solenoidi ya mafuta, kachipangizo ka magetsi kamene kamatsegula ndi kutseka dizilo. Mukatembenuza kiyi kufika pa ON pamayenera kumveka kakugunda kamodzi pafupi ndi pampu ya dizilo. Kakapanda kumveka, mafuta sakutsegulidwa, ndipo vuto ndi waya, fyuzi, rile kapena solenoidiyo.

Pa majenereta ang'onoang'ono a petulo, onani zinthu zinayi motsatana: swichi ya injini ili pa ON, kampopi ka petulo n'kotsegula, choko n'chotseka ngati injini ndi yozizira, ndipo oyilo ndi wokwanira. Chomalizachi ambiri sachidziwa. Injini zimenezi zili ndi kachipangizo kamene kamadula moto wa pulagi oyilo akachepa, ndipo jenereta ikaima pamalo opendekeka kamatha kudula ngakhale oyilo alimo. Iikeni pamalo athyathyathya. Ngati yakhala miyezi ili ndi petulo mu kabuleta, kabuletayo afunika kutsukidwa.

Yalira, patapita masekondi angapo yazima

Apa ndi pamene anthu amaononga injini zabwino, choncho ndifotokozepo mokwanira.

Injini ikangolira, kompyuta imadikira kaye masekondi ochepa, kawirikawiri pafupifupi 10, isanayambe kuyang'anira mphamvu ya oyilo, liwiro ndi mavolti. Nthawi imeneyo ikatha ndipo chimodzi mwa izi sichinafike pamene chiyenera, imazimitsa. Ndiye jenereta ikamazima pa nthawi yofanana ulendo uliwonse, dziwani kuti siikufa yokha, ikuzimitsidwa ndi chitetezo chake. Ikamazima mosiyanasiyana, ikuyamba yatsokomola kaye, ganizirani za mafuta: fyuluta yotsekeka, madzi mu dizilo, kapena kabowo kopumira ka pa chivindikiro cha thanki katsekeka.

Ikalemba LOW OIL PRESSURE kapena kuyatsa nyali ya kabotolo ka oyilo:

1. Oyilo wachepa. Dikirani mphindi zingapo, solani kachitsulo koyezera, pukutani, pisaninso.
2. Oyilo wasungunuka chifukwa dizilo walowamo. Amanunkha dizilo, ndipo pa kachitsulo amaoneka wochuluka kuposa mmene munathirira. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowamo. Pa ziwiri zonsezi musayatsenso.
3. Waya wa sensa ya oyilo wamasuka, wathyoka kapena wakhudza thupi la injini. Kunjenjemera kwa jenereta kumadula mawaya pafupi ndi pomangira.
4. Sensa yafa. Izi zimachitika kwambiri pa majenereta otsika mtengo.
5. Fyuluta ya oyilo yatsekeka, pampu ya oyilo yatha, kapena mabeyaringi adyeka.

Njira yokhayo yosiyanitsira 4 ndi 5 ndi kuchotsa sensa n'kumangapo geji ya pamanja, yopanda magetsi, imene makaniko aliyense wodziwa ntchito amayenda nayo. Ikaonetsa mabaa 4, sinthani sensa, nkhani yatha. Ikaonetsa pansi pa baa imodzi, injini iyenera kutsegulidwa.

Pali amisiri ena amene amangozula waya wa sensa kapena kuudumphitsa, jenereta n'kulira, mwini wake n'kuwathokoza. Imeneyo si ntchito. Kuzula sensa kuli ngati kutseka pakamwa mlonda chifukwa akukusokonezani tulo. Injini yopanda oyilo imagwirana m'mphindi zochepa, ndipo mtengo wa sensa suyandikira n'komwe mtengo wa kirankishafti. Wina akakukonzerani jenereta, mufunseni mwachindunji: "Bambo, alamu ya oyilo ikugwirabe ntchito?" Akuonetseni.

Kanthu kena kakang'ono: masensa a waya umodzi amadalira mazinga awo kuti akhudzane ndi thupi la injini. Mukakulunga mazingawo ndi tepi yoyera ya mapaipi a madzi mochuluka, sensa yatsopano idzanama ngati yakale.

Geji ya kutentha ikukwera

Injini zambiri zimazimitsidwa kutentha kukafika cha m'ma 100 mpaka 105. Zifukwa zake, kuyambira chofala:

1. Radiyeta yatsekeka kunja ndi fumbi, masamba kapena gaga. Pa chigayo izi sizitenga nthawi. Zimitsani, ipemerereni ndi mpweya kuchokera mbali yotulukira mphepo.
2. Mphepo yotentha ikubwerera. Anthu amamangira jenereta kanyumba kotsekeka poopa akuba, mphepo yochoka mu radiyeta n'kumazungulira momwemo. Yesani kutsegula chitseko. Kutentha kukatsika, vuto ndi kanyumbako. Ku Chikwawa, Nsanje, Salima kapena Karonga mu Okutobala, kanyumba kotere sikakhululuka.
3. Madzi achepa. Musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, madziwo amaphulika n'kukupsereza nkhope.
4. Lamba wa fani wakhwefuka. Kawirikawiri nyali ya batire imayakanso, chifukwa lamba yemweyo ndi amene amazungulitsa alitaneta yotchajira.
5. Katundu wachuluka. Yang'anani geji ya A.
6. Themositati yakakamira, kapena radiyeta yatsekeka mkati. Madzi a pa mjigo okhala ndi mchere amasiya zoyera m'timapaipi ta radiyeta pang'onopang'ono.

Chenjerani ndi ichi: madzi akatayika onse, geji imatha kuonetsa kuti injini ndi yozizira, chifukwa sensa yasiya kukhudza madzi. Mukamva fungo la chinthu chopsa koma geji ili pansi, zimitsani.

Geji ikakhala kumapeto kotentha injini isanalire n'komwe m'mawa, kawirikawiri waya wake wakhudza chitsulo. Ikakhala pansi osasuntha ola lonse, waya waduka kapena sensa yafa.

Injini ikulira bwino koma m'nyumba mulibe magetsi

Yang'anani geji ya V, chifukwa imagawa vutoli pawiri.

Ngati ikuonetsa 230 kapena 400, jenereta ikupanga magetsi ndipo akutsekeredwa panjira. Onani buleka ya pa jenereta. Ikagwa yokha imaima pakati, ndipo muyenera kuitsitsa kaye mpaka pansi musanaikweze. Kenako onani swichi yosinthira pakati pa ESCOM ndi jenereta ngati ili pa GEN, kenako bolodi la m'nyumba. Buleka ikagwanso pompopompo, chotsani katundu yense n'kumabwezera chimodzichimodzi mpaka mupeze chimene chikugwetsa.

Ngati geji ikuonetsa ziro, musafulumire. Majenereta a mafeze atatu okhala ndi mageji a singano ali ndi kaswichi kozungulira kosankhira feze, ndipo kali ndi malo a OFF. Kakhoza kukhala kali pamenepo. Palinso timafyuzi ta geji kuseri kwa bolodi. Yezani ndi mita ya pamanja pa soketi. Ngati ndi zoona kuti magetsi kulibe, kapena alipo mavolti ochepa kwambiri:

1. AVR yapsa kapena fyuzi yake yapita. AVR ndi kabokosi kamene kamasunga mavolti pamalo amodzi.
2. Mabulashi atha, pa majenereta ang'onoang'ono amene ali nawo.
3. Kapasita yafa, pa ang'onoang'ono opanda mabulashi. Imaoneka yotupa nthawi zina.
4. Maginito otsalira mu alitaneta yaikulu, imene imapanga magetsi a jenereta, atha. Zimachitika jenereta ikakhala nthawi yaitali osalira, kapena ikamazimitsidwa katundu ali cholumikizidwa. Wamagetsi amaidzutsa ndi batire m'kanthawi kochepa, koma si ntchito yoyesera nokha.
5. Madayodi kapena mawaya a mkati mwa alitaneta apsa. Fungo la vanishi wopsa limakuuzani.

Mababu akuphethira, mavolti akukwera ndi kutsika

Lamulo lake n'losavuta koma ambiri amalitembenuza: yambani ndi Hz, mavolti pambuyo.

Ngati Hz ndi V zikutsikira limodzi, vuto ndi la injini, osati la magetsi. Injini yachepa liwiro, ndipo AVR zambiri zinapangidwa kuti zizitsitsa dala mavolti liwiro likagwa, pofuna kudziteteza. Munthu akathamangira kupotoza kasikuluwu ka VOLT pa AVR, mavolti amakweradi, koma tsiku limene fyuluta ya dizilo idzasinthidwe n'kubwezeretsa liwiro, mavolti adzadumpha n'kupsereza mafiriji ndi ma TV. Fufuzani izi:

1. Katundu wachuluka. Utsi wakuda ndi mboni.
2. Fyuluta ya mafuta kapena ya mpweya yatsekeka.
3. Mpweya ukulowa m'paipi ya dizilo. Injini imamveka ikukwera ndi kutsika ngati ikupuma.
4. Gavanala, chimene chimasunga liwiro, chamasuka sipuling'i kapena chasokonezedwa.

Pa majenereta a gavanala wa sipuling'i, si vuto kuona 52 popanda katundu, n'kutsika kufika pa 50 katundu atadzaza. Anapangidwa choncho. Koma mukagula jenereta yakale yochokera kunja n'kuona 60, imeneyo inakonzedwera maiko ngati America, ndipo iyenera kusinthidwa ndi wodziwa musanalumikize mota iliyonse.

Ngati Hz yakhazikika pa 50 koma V yokha ndiyo ikuvina, tsopano ganizirani za AVR, mabulashi, kapena waya womasuka. Ndipo mababu ena akawala mopyola pamene ena akuzirala, zimitsani nthawi yomweyo. Chizindikiro chimenecho ndi cha waya wa nyutirali woduka kapena womasuka, ndipo zipangizo za mavolti 230 zikhoza kulandira pafupifupi 400.

Kugwa kwa kanthawi pamene mota ikudzuka n'kwachibadwa. Mota ya chigayo, pampu ya madzi kapena kompuresa imakoka maampu ochuluka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi poyamba kuposa pamene ikuyenda. N'chifukwa chake muyenera kudzutsa mota yaikulu poyamba, zing'onozing'ono pambuyo. Kumbukiraninso kuti nambala ya kVA yolembedwa pa jenereta ndi ya malo otsika ngati m'mbali mwa nyanja ya mchere. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, Mzuzu ndi Dedza kuposa apo, ndipo injini yopanda tebo imataya mphamvu chifukwa mpweya ndi wopepuka. Musaidzaze mpaka pakamwa.

Geji ya A ikusiyana pa mafeze atatu

Zungulitsani kaswichi kosankhira muone L1, L2 ndi L3. Feze imodzi ikanyamula 40 pamene zina zili pa 10, alitaneta ikutentha mbali imodzi ngakhale chiwerengero chonse chikuoneka chochepa. Wamagetsi agawenso katundu pa bolodi la m'nyumba. Feze ina ikaonetsa ziro koma zinthu zikuyaka, vuto ndi kaswichiko kapena CT, kamphete kamene waya wamkulu amadutsamo. Musamasule mawaya a CT jenereta ikunyamula katundu, amatulutsa mavolti oopsa.

Katundu wochepetsetsa nayenso amavulaza dizilo. Injini yaikulu ikamangoyatsa mababu ochepa usiku uliwonse, pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, imayamba kudontha zakuda zonga oyilo pa ekizozi.

Magetsi a ESCOM athima koma jenereta sinadzuke yokha

1. Yasiyidwa pa STOP kapena MANUAL. Munthu akamaliza kuthira mafuta kapena kuyesa, amaiwala kubwezera pa AUTO. Kanyali ka AUTO kayenera kukhala koyaka.
2. Batire lafa mwakachetechete chifukwa tchaja yake, imene imadya magetsi a ESCOM, inazimitsidwa kapena inapsa. Kompyuta ya pa bolodi imadya batire usana ndi usiku.
3. Ikudikira dala. Imayamba yawerenga masekondi angapo kuti isadzukire kuphethira chabe.
4. Mawaya awiri ochokera ku bokosi la ATS, limene limasintha lokha magetsi pakati pa ESCOM ndi jenereta, aduka. Makoswe amawakonda.

Zosiyana nazo zimachitikanso: magetsi abwera koma jenereta ikulirabe. Ipatseni mphindi zingapo, chifukwa imayamba yatsimikiza kuti abweradi, kenako imalira yopanda katundu kuti izizire. Ikapitirira, mwina feze imodzi ya ESCOM sinabwere kapena mavolti ndi otsika, ndipo jenereta ikuchita bwino kukana.

Pozimitsa pamanja chitani chimodzimodzi: tsitsani buleka, isiyeni ilire mphindi zitatu kapena zisanu, kenako STOP. Batani lofiira si lozimitsira tsiku ndi tsiku. Ndipo musanagwire lamba, fani kapena fyuluta pa jenereta ya AUTO, ikani pa STOP ndi kuchotsa waya wa negetivu wa batire, chifukwa magetsi akathima manja anu ali mkati, idzadzuka osakufunsani.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Alamu ya oyilo yabweranso mutaonetsetsa kuti oyilo ndi wokwanira.
- OVERSPEED, kapena injini ikuthamanga mopenga. Dinani batani lofiira, musayatsenso.
- Kugogoda kwachilendo mu injini, utsi woyera wosatha, kapena thovu mu radiyeta.
- Mavolti apyola 250 pa feze imodzi, kapena thupi la jenereta likugwira anthu.
- Fungo la mawaya opsa, kapena buleka ikugwa popanda katundu.
- Ntchito iliyonse ya mkati mwa alitaneta, ATS kapena bolodi la nyumba. Izi ndi za wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA.
- Kusintha manambala a chitetezo mu kompyuta ya pa bolodi.

Zinthu ziwiri zimapha anthu ndipo palibe geji imene imazionetsa. Choyamba ndi utsi: jenereta isalire m'nyumba, m'khonde lotsekeka kapena pafupi ndi zenera la chipinda chogona, chifukwa mpweya wa poizoni wa mu utsiwo sununkha ndipo umagoneka munthu osadzukanso. Chachiwiri ndi kulowetsa magetsi a jenereta m'nyumba kudzera pa soketi popanda swichi yosinthira. Magetsiwo amabwerera ku mawaya a ESCOM, thiransifoma n'kuwakweza kufika mavolti masauzande, pamene wogwira ntchito ali pa polo akuganiza kuti laini ndi yozima.

Mukamaimbira makaniko, muuzeni mawu enieni amene alembedwa pa sikirini, manambala a V, Hz, oyilo ndi kutentha pa nthawi imene inazima, maola amene ali pa geji ya maola, ndi tsiku limene oyilo ndi mafyuluta anasinthidwa komaliza. Pa injini zambiri za dizilo ndi maola 250 aliwonse, pa zazing'ono za petulo 50 mpaka 100. Mutumizireni chithunzi cha bolodi pa WhatsApp alamu isanafufutidwe, kuti abwere atanyamula sensa kapena AVR yoyenera m'malo mobwera kudzaona kaye.